Laputopu ya wantchito isasanduke ofesi ya abwana

M'maofesi ambiri a masiku ano, kuphatikizapo a mumzinda wa Doha ku Qatar kumene anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana amagwira ntchito zowerengera ndalama, zomangamanga, zamalonda ndi zamakompyuta, mwazika mizu chizolowezi chimene anthu angochilandira osafunsa, chakuti wolembedwa ntchito azigwirira ntchito za kampani pa laputopu yogula yekha. Chizolowezichi chimaoneka kwambiri m'makampani ang'onoang'ono ndi pakati pa olembedwa pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka, ndipo chabala nzeru ina imene antchito odziwa zamakompyuta amatsinana nayo khutu, yakuti m'kati mwa laputopu ya munthu muikidwe kompyuta yachiwiri yongoyerekezera, imene akatswiri amaitcha virtual machine, kuti zonse za kuntchito zizikhala m'menemo osakhudzana ndi zinthu za mwini laputopuyo. Nzeruyi si yoipa, ndipo wantchito amene wasowa mtengo wogwira ali ndi chifukwa chomveka choitsatira. Koma kufala kwake ndi umboni wakuti olemba ntchito ataya udindo wawo, pakuti kampani imene ikufuna kulamulira kompyuta iyenera kugula kompyutayo ndi ndalama zake, osati kusenzetsa wantchito mtengo wa chida pamodzi ndi zoopsa zonse zimene zimabwera nacho.

Kompyuta iliyonse imayenda ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira ziwalo zake zonse, monga purosesa imene imachita masamu onse, RAM imene imagwirizira kwa kanthawi zimene zikuchitika panthawiyo, ndi disiki imene imasunga mafayilo ngakhale makina atazimitsidwa. Pulogalamu yaikuluyi ndiyo imatchedwa operating system, ndipo zodziwika kwambiri ndi Windows, macOS ndi Linux. Virtual machine imakhalapo pamene pulogalamu ina, yotchedwa hypervisor, yapatula gawo la purosesa, gawo la RAM ndi gawo la disiki n'kuzipereka kwa operating system yachiwiri, imene imayenda pawindo lake pasikirini ya laputopu ngati kuti ili pamakina akeake. Operating system ya mwini laputopu imatchedwa host, ndiye kuti mwininyumba, yachiwiriyo imatchedwa guest, ndiye kuti mlendo, ndipo disiki yonse ya mlendoyo imangokhala fayilo imodzi yaikulu yosungidwa m'disiki ya mwininyumba. Lusoli ndi lakalekale, pakuti kampani ya IBM inaliyamba m'zaka za m'ma 1960 pamakompyuta akuluakulu odzaza chipinda, n'kutulutsa VM/370 mu 1972, ndipo mu 1974 akatswiri awiri, Gerald Popek ndi Robert Goldberg, analemba mfundo zimene purosesa iyenera kukwaniritsa kuti ithe kugawidwa motero. Linafika pamakompyuta a anthu wamba mu 1999 kudzera mu VMware Workstation, linapepuka pamene Intel mu 2005 ndi AMD mu 2006 anaika mphamvuyi m'mapurosesa awo, ndipo kuyambira mu 2007, pamene VirtualBox inayamba kupezeka kwaulere, aliyense wokhala ndi laputopu yamphamvu akhoza kuliyesa.

Chimene chimakankhira wantchito ku nzeru imeneyi ndi mapulogalamu amene nthambi yoona zamakompyuta pakampani, imene aliyense muofesi amangoitcha a IT, imafuna kuika m'makina aliwonse olumikizana ndi netiweki yake. Yoyamba imakhala pulogalamu yolamulira makina ali patali, monga Microsoft Intune, imene imapatsa kampani mphamvu yoika malamulo a pasiwedi, yoika kapena kuchotsa mapulogalamu, ngakhalenso yofufuta zonse za m'makina ikaona kuti atayika kapena abedwa. Pamwamba pa imeneyo pamabwera pulogalamu yachitetezo imene imayang'ana chilichonse chothamanga m'kompyuta n'kumatumiza malipoti ku seva, kenako VPN, imene ndi njira yobisika yolumikizira laputopu ku ofesi ndipo nthawi zina imakonzedwa kuti zonse zimene munthu akuchita pa intaneti zizidutsira ku kampani. Makampani ena amaikanso satifiketi yawo m'kompyuta, imene imawalola kutsegula ndi kuwerenga ngakhale mauthenga amene akanayenera kuyenda otsekedwa, ndipo ena amafika poika mapulogalamu ojambula sikirini ndi kuwerengera mphindi zimene wantchito sanakhudze kiyibodi. Chilungamo chimafuna kunena kuti si mapulogalamu onsewa amene amaona zithunzi kapena makalata a munthu, ndipo a Microsoft amanena poyera kuti Intune sionetsa kampani zinthu zoterozo. Koma wantchito wamba alibe njira yodziwira kumene mphamvu ya pulogalamu imodzi yathera ndi kumene ya inzake yayambira, ndipo kawirikawiri palibe amene amamufotokozera asanadine batani lovomereza.

Kuzama kwa mapulogalamu achitetezowa kunaonekera dziko lonse pa 19 July 2024, pamene kampani ya CrowdStrike inatumiza zosintha zolakwika mu pulogalamu yake, ndipo makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni, malinga ndi kuwerengera kwa Microsoft, anakana kuyaka, zimene zinaimitsa maulendo a ndege ndi kusokoneza mabanki ndi zipatala. Pulogalamu imene ingagwetse kompyuta yonse chifukwa cha fayilo imodzi yolakwika si chinthu chimene munthu angachilowetse mopepuka m'makina osungira zinthu za banja lake. Ikakhala m'kati mwa virtual machine, amagwa ndi mlendo yekha, mwininyumba n'kutsala ali chilili, ndipo ichi chokha chikusonyeza kuti antchito otsatira nzeruyi sakuchita zachibwana.

Ku Doha nkhaniyi ili ndi kulemera kumene sikupezeka m'mizinda imene munthu amagwira ntchito ali kwawo. Dziko la Qatar lili ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mwa anthu 10 aliwonse pafupifupi mmodzi yekha ndiye nzika, pamene otsalawo ndi obwera kuchokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Egypt, Kenya, Uganda ndi mayiko ena, kuphatikizapo Amalawi. Munthu wobwera amasunga m'laputopu ndi m'foni pafupifupi zonse zimene zimamulumikiza ndi kwawo: zithunzi za ana amene anatsala ku Lilongwe kapena ku Mangochi, mapepala a puloti imene akulipira pang'onopang'ono, malisiti a ndalama zotumiza kumudzi, masatifiketi a sukulu, zotsatira za kuchipatala ndi macheza a pa WhatsApp ndi abale. Kugwirira ntchito kunyumba, kumene kunakula mu 2020 panthawi ya Covid-19 ndipo kunabweranso mu 2022 pamene boma linalamula kuti 80 peresenti ya ogwira ntchito zaboma azigwirira kunyumba kuyambira pa 1 November mpaka pa 19 December chifukwa cha mpikisano wa mpira wa World Cup, kunazoloweretsa mzinda wonse kusakaniza za kuofesi ndi za pakhomo patebulo limodzi.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti ndi palaputopu yomweyo pamene wantchito amalembera makalata ofunsira ntchito kwina. Mu August 2020 boma la Qatar linasintha malamulo kotero kuti wantchito akhoza kusintha ntchito popanda kalata yosonyeza kuti bwana wake wavomereza, bola apereke chidziwitso cha mwezi umodzi ngati wagwira zaka zosapitirira 2, kapena cha miyezi 2 ngati wapyola pamenepo, ndipo kusinthaku kunali koyenera kuyamikiridwa. Komabe chiphaso chokhalira m'dziko chimadutsabe m'dzina la wolemba ntchito, ndipo mabungwe a Human Rights Watch ndi Amnesty International alemba kangapo za mabwana ena amene amabwezera antchito ofuna kuchoka powafafanizira chiphasocho kapena kuwanenera kuti athawa ntchito. Ufulu umene lamulo lapereka umafooka ngati bwana ali ndi diso m'makina amene wantchito akufunirapo ntchito yatsopano kapena akulemberapo dandaulo la malipiro ochedwa, ndipo ngakhale bwanayo atakhala kuti sayang'ana konse, kungodziwa kuti akhoza kuyang'ana n'kokwanira kutsekera munthu pakamwa. Mphamvu yofufuta makina ali patali nayonso imaopsa mwanjira ina kwa munthu amene tsiku lochotsedwa ntchito likhoza kukhala chiyambi cha kuwerenga masiku otulukira m'dziko, pakuti mapepala amene angawafune kukatsimikizira mlandu wake ali m'disiki yomweyo imene wina wapatsidwa chilolezo choifufuta.

Tsono mpanda umene wantchito amadzimangira uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowu umaoneka bwino poyang'anitsitsa zimene munthu, tinene wowerengera ndalama wolembedwa kwa miyezi 6 ndi kampani ina ya m'dera la West Bay ku Doha, amayenera kuchita usiku woti mawa akayamba ntchito. Amayamba ndi kuzimitsa laputopu n'kulowa mu BIOS, malo obisika osinthira kagwiridwe ka ziwalo za makina, kuti ayatse mphamvu ya purosesa yogawira virtual machine ngati inabwera yozimitsidwa. Akaika VirtualBox amayenera kugawa RAM, ndipo ngakhale Windows 11 imati ikhoza kuyenda ndi 4 GB, aliyense amene anayesapo kutsegula Teams, Outlook ndi Excel nthawi imodzi amadziwa kuti mlendo amafuna 8 GB, ndiye kuti laputopu yonse iyenera kukhala ndi 16 GB kuti mwininyumba asakomoke. Amapatulanso malo osachepera 64 GB padisiki, n'kuyatsa TPM yongoyerekezera, kachiwalo kachitetezo kamene Windows 11 imakana kukhazikika popanda iko, ndipo VirtualBox inayamba kukhala nako mu 2022. Kenako amatseka zipata zing'onozing'ono zimene zimalumikiza makina awiriwo, monga foda yogawana ndi njira yokopera mawu kuchoka uku kupita uko, chifukwa zikatsala zotsegula ndiye kuti mpanda wonse wangokhala dzina. Pomaliza amasunga snapshot, chithunzi cha momwe mlendo alili panthawiyo, kuti zinthu zikadzasokonekera adzabwerere pomwepo.

Mawa lake, pamsonkhano wa pa Teams, fani ya laputopu imalira mosalekeza, pansi pake pamatentha, batire imatsika maso akuona, kamera imachedwa ndipo mawu amaduka pakati pa chiganizo, chifukwa makina amodzi akunyamula katundu wa makina awiri. Ndipo amene amaoneka wosakonzeka pamaso pa kasitomala ndi wantchitoyo, osati kampani imene inasunga ndalama zake. Palinso nkhani ya laisensi imene anthu ambiri amaiphonya: Windows ya m'kati mwa virtual machine imafuna laisensi yakeyake, ndipo gawo lowonjezera la VirtualBox lotchedwa Extension Pack ndi laulere kwa woligwiritsa ntchito pa zake kapena pa maphunziro, pamene pa ntchito ya kampani limafuna kulipira. Wokhala ndi laputopu ya Apple yotuluka kuyambira mu November 2020, imene ili ndi purosesa ya mtundu wa ARM, akhoza kuyendetsa Windows ya ARM yokha, kawirikawiri kudzera mu pulogalamu ya Parallels imene ndi yogula, ndipo mapulogalamu ena akale a kuofesi sayenda bwino m'menemo. Malipiro ochepetsetsa ku Qatar, amene anayamba kugwira ntchito mu March 2021, ndi 1,000 riyal pamwezi, kuwonjezapo 500 ya malo ogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi, ndipo laputopu yatsopano yokhoza kunyamula makina awiri imaposa malipiro amenewo. N'zoona kuti wa muofesi amalandira zoposa pamenepo, koma ndalama iliyonse imene waika pa chida cha kampani ndi fizi ya mwana kapena matumba a feteleza amene sanafike kumudzi.

Apa ndi pamene a IT ali ndi mfundo yoona imene okonda virtual machine safuna kuimva, yakuti mpandawu umateteza mbali imodzi. Zili ngati mwininyumba amene wapatula chipinda chimodzi n'kulowetsamo wa lendi koma wasunga makiyi a zitseko zonse: wa lendi sangalowe kuchipinda chogona cha mwininyumba, koma mwininyumbayo, kapena mbala imene yamulanda makiyi, ikhoza kulowa m'chipinda cha wa lendi nthawi ina iliyonse. Chilembo chilichonse chimene wantchito adina pakiyibodi chimadutsa mwa mwininyumba chisanafike kwa mlendo, chilichonse chooneka pawindo la mlendo chikhoza kujambulidwa ndi mwininyumba, RAM ya mlendo ndi gawo chabe la RAM ya mwininyumba, ndipo fayilo imene ndi disiki ya mlendo ikhoza kukopedwa yonse pa fulashi ngati sinatsekedwe ndi encryption, imene ndi njira yosokoneza mafayilo mwadala kuti asawerengeke popanda kiyi. Kuti pulogalamu yoipa ituluke mwa mlendo kukalowa mwa mwininyumba n'kotheka koma n'kovuta, ndipo chiboo chotero chikapezeka chimakhala nkhani yaikulu, monga chija chotchedwa VENOM chimene chinapezeka mu 2015 mu QEMU, pulogalamu ina yoyendetsera virtual machine. Pamene kuchoka mwa mwininyumba kulowa mwa mlendo sikufuna chiboo chilichonse, chifukwa ndi mmene makinawo anapangidwira. Pulogalamu yachitetezo ya kampani imene ili mwa mlendo ikhoza kunena kuti zonse zili bwino pamene vairasi yakhala mwa mwininyumba ikuwerenga pasiwedi iliyonse.

Zimenezi si zongopeka. Mu 2022 achiwembu amene analowa m'kampani ya LastPass, imene ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mapasiwedi a anthu, anadzera pakompyuta ya kunyumba ya mmodzi mwa akatswiri anayi okha amene anali ndi makiyi a nkhokwe zofunika kwambiri; anagwiritsa ntchito chiboo cha mu pulogalamu yoonetsera mafilimu imene inali pakompyutayo, n'kuikamo kapulogalamu kolemba chilichonse chodinidwa pakiyibodi, mpaka anagwira pasiwedi yaikulu. Chiopsezo chotere chakula kuyambira pa 14 October 2025, pamene Microsoft inasiya kukonza mwachizolowezi zofooka za Windows 10, pakuti malaputopu ambiri akale, amene ndiwo anthu opeza zochepa amagula kwa anzawo, sakwanitsa zofunika za Windows 11, ndipo mwininyumba wosakonzedwa amaika pachiswe mlendo aliyense amene wamusunga, kaya mlendoyo atetezedwe motani.

Dziko la Qatar lili ndi zifukwa zakezake zosachitira chibwana nkhani zotere. Pa 15 August 2012 vairasi yotchedwa Shamoon inafufuta makompyuta pafupifupi 30,000 a kampani ya mafuta ya Saudi Aramco m'dziko loyandikana nalo, ndipo pasanathe masabata awiri makompyuta a m'maofesi a RasGas, kampani ya gasi ya ku Qatar, anagwanso ndi vairasi, ngakhale kuti kutulutsa gasi sikunaime. Pa 24 May 2017 achiwembu amene analowa m'makina a Qatar News Agency anafalitsa mawu abodza m'dzina la mtsogoleri wa dzikolo, Sheikh Tamim bin Hamad Al Thani, ndipo pa 5 June mayiko a Saudi Arabia, United Arab Emirates, Bahrain ndi Egypt anadula ubale ndi Qatar, mkangano umene unatha mu January 2021 pamsonkhano wa ku Al-Ula. Dziko limene linaona kuthyoledwa kwa makompyuta kukutsogolera kutsekedwa kwa malire ake silingadzudzulidwe chifukwa chofuna chitetezo chokhwima. Lamulo nambala 13 la chaka cha 2016, limene linali loyamba la mtundu wake pakati pa mayiko a m'chigawo cha Gulf, limaika udindo woteteza zinsinsi za anthu pa bungwe limene likuzisunga, ndi chindapusa chofika 5 miliyoni riyal, ndipo mu 2021 kunakhazikitsidwa bungwe la National Cyber Security Agency loyang'anira chitetezo cha makompyuta m'dziko lonse.

Koma mfundo yoonayi imatsutsa olemba ntchito m'malo mowayeretsa. Ngati n'zoona kuti zinsinsi za makasitomala sizili zotetezeka pamakina amene kampani siikuwalamulira, ndiye kuti kampani imene yauza wantchito kubwera ndi laputopu yake yasankha dala kuika zinsinsizo pangozi pofuna kupulumutsa mtengo wa kompyuta imodzi. Ikatero n'kuzindikira ngoziyo, imakhala ndi njira ziwiri, kugula makina ake kapena kulanda ulamuliro wa makina a wantchito, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti yachiwiriyi ndiyo imaoneka yosavuta, chifukwa siifuna ndalama, imangofuna wantchito amene sangakane. Kampani imene imakana kupereka laputopu, n'kukananso virtual machine, n'kulamula kuti mapulogalamu ake aikidwe mwachindunji m'makina a munthu, yatenga phindu lonse la umwini popanda kulipira kalikonse, ndipo chilolezo chimene wantchito wobwera wapereka podina batani sichingatchedwe chilolezo chenicheni pamene kukana kwake kungamuchititse kutaya ntchito pamodzi ndi chiphaso chokhalira m'dziko. Lamulo la 2016 lija limateteza zinsinsi za munthu aliyense, ndipo wantchito naye ndi munthu. Zithunzi za ana ake ndi zotsatira zake za kuchipatala sizichepa mtengo poyerekeza ndi nambala ya foni ya kasitomala.

Ngakhale maganizo akuti pulogalamu yokakamizidwa ndi akuluakulu imakhala yotetezeka sayenera kulandiridwa mwachimbulimbuli. Mu May 2020, pamene boma la Qatar linalamula kuti aliyense aike pafoni yake pulogalamu ya Ehteraz yolondolera Covid-19, akatswiri a Amnesty International anapezamo chiboo chimene chikanalola achiwembu kuona mayina, manambala a ziphaso ndi zaumoyo za anthu oposa 1 miliyoni. Akuluakulu a boma anachitseka mwamsanga atauzidwa, zimene n'zoyamikirika, koma ngati pulogalamu ya boma lolemera inatuluka ndi chiboo chotero, wantchito ali ndi ufulu wokayikira zimene kampani ya anthu 15 ikufuna kuika m'makina ake.

Eni makampani ang'onoang'ono adzati alibe ndalama zogulira aliyense kompyuta, makamaka munthu wa kontirakiti yaifupi. Yankho n'lakuti laputopu imatumikira zaka zingapo ndipo imapatsidwa kwa wolowa m'malo, monga mpando ndi tebulo, ndipo kampani imene yakwanitsa lendi ya ofesi ku Doha ndi ndalama zokonzera wantchito ziphaso singanene moona mtima kuti yagwa ndi mtengo wa chida chachikulu cha ntchitoyo. Dandaulo lakuti malaputopu awiri ndi olemera m'chikwama ndi laling'ono kwambiri poliyerekeza ndi zimene zili pachiswe. Pamene kugula n'kosathekadi, pali njira zapakati zimene sizifuna kulanda makina a munthu. Kompyuta ya ntchito ikhoza kukhala pa seva yakutali, monga zimakhalira ndi Windows 365 imene inatuluka mu 2021, wantchito n'kumangoiona kudzera pa intaneti, kotero kuti mafayilo a kampani sasungidwa padisiki yake ndipo kampani ilibe chofufuta m'makina ake. Ndipo popeza Microsoft inatsegula malo ake osungira data ku Qatar mu August 2022, Google n'kutsatira mu 2023, luso la ntchito zoterezi lilipo kale mumzinda. Njirayi siichotsa ngozi ya pulogalamu yolemba zodinidwa pakiyibodi, koma imaichepetsa ikaphatikizidwa ndi chitsimikizo chachiwiri cha pafoni. Apo ayi kampani ikhoza kukonza yokha virtual machine yotsekedwa ndi encryption, kulipira malaisensi, kupereka alawansi ya makina, ndi kulemba poyera kuti ulamuliro wake ukuthera pa mlendo. Ilipo njira ina yolimba kwambiri, imene Qubes OS ya katswiri wa ku Poland, Joanna Rutkowska, yakhala ikuonetsa kuyambira mu 2012, yoti za kuntchito ndi za pakhomo zonse zikhale alendo pansi pa hypervisor imodzi, koma imeneyo ndi ya akatswiri, ndipo n'kulakwa kuyembekezera kuti mlembi kapena wowerengera ndalama aiphunzire kuti angosunga ulemu wake.

Wantchito naye ali ndi gawo lake, ndipo gawolo ndi kusabisa. Amene waika makina a kampani mu virtual machine mwakachetechete, n'kulola a IT kukhulupirira kuti akulamulira laputopu yeniyeni, wadziika pangozi yoposa imene amathawa, chifukwa mapulogalamu achitetezo amatha kuzindikira ziwalo zongoyerekezera, ndipo zinsinsi zikadzatuluka mlandu wonse udzagwera iye monga wophwanya malamulo a kampani, m'dziko limene kuchotsedwa ntchito kumakhudza ngakhale kukhala kwake. Choyenera ndi kupempha mwa kalata kapena imelo, poyamba laputopu ya kampani, ndipo ikakanidwa, chilolezo chogwiritsa ntchito virtual machine, n'kusunga yankho pamalo amene kampani singawafikire. Akaloledwa, asamale mwininyumba kuposa mlendo: aziika zosintha zachitetezo zikangotuluka, atseke disiki yonse ndi encryption, apewe mapulogalamu obedwa ndi mafilimu otsitsidwa m'malo osadziwika, ndipo asabwereketse laputopuyo kwa anzake a m'chipinda ngakhale kwa mphindi zochepa.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Mu March 2023 mzinda wa Doha unalandira msonkhano wachisanu wa United Nations wa mayiko osaukitsitsa, pamene Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la Malawi, anali wapampando wa gulu la mayikowo, ndipo ndondomeko ya Doha ya zaka za 2022 mpaka 2031 imalimbikitsa kuti achinyamata a m'mayikowa aphunzire luso la makompyuta. Achinyamata otuluka ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuzu University amene akupeza ntchito kunja, kapena akugwirira makampani akunja ali ku Blantyre, ndiwo akukumana ndi lamulo lakuti abwere ndi makina awo koma apereke makiyi. Dziko la Malawi linalawa kale kuwawa kwa makompyuta othyoledwa pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kumayambiriro kwa 2024, mtsogoleri wa dziko n'kuuza Nyumba ya Malamulo mu February kuti achiwembu akufuna dipo, ndipo chaka chomwecho linakhazikitsa lamulo lake loteteza zinsinsi za anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Bungweli liyenera kulemba malangizo omveka a zimene wolemba ntchito angaike ndi zimene sangaike m'makina a wantchito, chizolowezichi chisanakhazikike m'maofesi a ku Lilongwe monga chakhazikikira kwina. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Doha, pamodzi ndi unduna woona za ntchito, iwonjezere nkhani ya makina pa zimene imalangiza Amalawi opita kukagwira ntchito za muofesi ku Qatar. Ndipo aliyense amene walandira kalata ya ntchito yotero afunse kuti kompyuta ya ntchito adzapereka ndani, mudzaikidwa mapulogalamu anji, ndiponso ali ndi mphamvu yoifufuta ndani, mayankho ake alembedwe m'kontirakiti asanakwere ndege pabwalo la Kamuzu.